Tsiku lofika ku Disneyland Paris ndi ana atatu: tilowe m'paki kapena tidikire mawa?

Nachisale wa ku Leicester analemba:

Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa bwino malowa. Banja lathu tikupita ku Disneyland Paris pa holide ya ana ya kumapeto kwa Okutobala. Tilipo asanu: ine, bambo a kunyumba, ndi ana atatu a zaka 10, 6 ndi 2. Tinalipira hotela ndi matikiti pamodzi, ndipo tikagona usiku katatu ku Hotel Cheyenne. Tidzanyamuka ku Leicester m'bandakucha pa sitima ya ku siteshoni ya St Pancras ku London, kenako sitima ya Eurostar mpaka ku Lille ku France, n'kusintha kukwera TGV, sitima yothamanga ya kumeneko. Matikiti akusonyeza kuti tidzatsika pa Marne-la-Vallée, siteshoni ya pa Disneyland, cha m'ma 1:30 masana.

Apa ndi pamene tasiyana maganizo m'nyumba muno. Bambo akuti tikangotsika sitima tithamangire m'paki poti ndalama tinalipira kale, ndipo tikhale komweko mpaka makombola a usiku. Ine ndikuona kuti ana adzakhala atatheratu, bola tsiku loyamba tingopuma, tidzayambe mawa lake ndi mphamvu. Kodi tsiku limeneli timaliyala bwanji? Katundu tikamusiya kuti, poti akuti chipinda amapereka 3 koloko? Nanga chakudya chamadzulo tikonzeretu kapena tikaonera komweko?

Gama wa ku Luton anayankha:

Mayi, nonse awiri muli ndi mfundo, koma bambo akulondola pa chinthu chimodzi. Mukagula hotela ya Disney pamodzi ndi matikiti, tikiti imagwira ntchito masiku onse, kuphatikizapo lofika ndi lonyamuka. Kugona usiku katatu ndiye kuti muli ndi masiku anayi a m'paki. Tsiku lofika simuwonjezera kobiri, ndipo mukapanda kulowa palibe amene adzakubwezereni ndalama ya tsikulo. Choncho lowani ndithu. Pamene sindikugwirizana nawo ndi pa kuthamangako ndi pa makombola. Za m'paki afotokoza ena. Ine ndiyale za m'njira ndi za katundu, chifukwa tsiku lofika limawonongekera kumeneko anthu asanaone n'komwe geti.

Yambani ndi wotchi. France ili patsogolo pa Britain ndi ola limodzi. Mwana amene mwamudzutsa 5 koloko ku Leicester, ikamakwana 9 koloko usiku ku Paris amakhala ali maso kwa maola 15. Nambala imeneyi muyikumbukire pokambirana za makombola. Komanso Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, mayiko onse awiri usiku womwewo, ndiye ulendo wanu ukakhala pambuyo pa tsikuli kudzada nthawi isanakwane 6 koloko.

Pa St Pancras mapasipoti amawaona kawiri musanakwere, a Britain ndi a France, ndipo geti amatseka kutatsala mphindi 30 kuti sitima inyamuke. Pa holide ya sukulu mzere umatalika kwambiri, choncho sankhani sitima ya ku Leicester yoti ikufikitseni kutatsala ola ndi theka. Madzi ndi zakumwa amalola kudutsa nazo, si ngati pabwalo la ndege. Koma samalani ndi kamba wa paulendo: kuyambira 2021 nyama ndi zamkaka zochokera ku Britain sizololedwa kulowa nazo m'mayiko a EU. Nkhuku yootcha ndi masangweji a tchizi adyereni mu sitima ya ku Leicester. Mkaka wa ufa ndi zakudya za m'mabotolo za khanda ndizololedwa mpaka makilogalamu 2. Mabisiketi, mtedza ndi buledi zilibe vuto.

Ku Lille ndi kumene mabanja ambiri amasokonekera, makamaka chichokereni Eurostar yopita molunjika ku Disney mu Juni 2023. Onani pa tikiti dzina la siteshoni yonyamukira TGV. Eurostar imaima pa Lille Europe, koma sitima zina zimanyamukira pa Lille Flandres, ulendo wapansi wa mphindi pafupifupi 10 mutasenza katundu. Pa bolodi musafune mawu oti Disney, chifukwa limaonetsa kumene sitimayo ikukathera, kaya Lyon, Marseille kapena Bordeaux. Tsatani nambala ya sitima. Zitseko za TGV zimatsekedwa kutatsala mphindi ziwiri, ndipo chikwama chilichonse chikhale ndi kapepala ka dzina lanu. Sitima zambiri za njira imeneyi zimayamba zaima pabwalo la ndege la Charles de Gaulle. Ikangonyamuka pamenepo, dziwani kuti kwatsala mphindi ngati 10. Tsitsani zikwama, valitsani ana majekete, kaimeni pafupi ndi chitseko. Pa Marne-la-Vallée sitima sikhalitsa, ndipo banja loyamba kufunafuna nsapato ya mwana sitima itaima kale likhoza kukatsikira kutali kwambiri.

Mukatuluka pa siteshoni, mageti a paki ali pomwepo, ulendo wa mphindi zochepa. Mayesero ake ali pamenepa, koma masutikesi salowa nawo. Chikwama choposa masentimita 55 ndi 40 ndi 25 achitetezo amachibweza. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi Disney Express, kauntala yomwe ili pamwamba m'siteshoni momwemo. Mumalipira ndi kulembetsa musananyamuke kwanu, mukafika mumawasiyira katundu, amakupatsani matikiti, inu n'kulunjika ku paki iwo akupititsa zikwama ku hotela. Yachiwiri ndi basi yaulere ya hotela, yomwe imaima kunja kwa siteshoni. Mumapita ku Cheyenne, kulembetsa, kusiya katundu m'chipinda chosungiramo zikwama kwaulere, n'kubwerera.

Disney Express imapulumutsa ola limodzi kapena kupitirirapo, ndipo kwa ofika 10 koloko m'mawa ndi yabwino zedi. Koma kwa inu ofika 1:30 ndi mwana wa zaka ziwiri, ine ndingasankhe basi. Werengani nokha: kudikira basi, kuima pamzere wolembetsa, kusintha mwana thewera, kudya kanthu, nthawi ikhala ikuyandikira 3 koloko, ndipo mwayi ndi waukulu woti chipinda chikhala chakonzedwa. Mukalowetsa katundu masana, madzulo mudzangofikira kugona. Ndi Disney Express ntchito yonseyo mwangoikankhira usiku: kukatenga zikwama kosungira, kufunafuna nyumba yanu mumdima, mwana ali mtulo paphewa. Cheyenne si nyumba imodzi. Ndi kamudzi ka nyumba zambiri zosanja, ndipo zina zili patali ndithu ndi polandirira alendo.

Pa kauntala ya hotela khalani ndi nambala ya bukingi ndi mapasipoti m'manja. Lembetsanitu pa intaneti masiku ochepa musananyamuke kuti pamzere musakachedwe. Adzakupatsani MagicPass, khadi la aliyense lomwe ndi tikiti ya paki komanso kiyi wa chipinda. Aliwerengeni pomwepo. Wa zaka 2 salipira polowa m'paki, poti malire ake ndi zaka 3. Pemphani zinthu ziwiri: chipinda cha pansi kuti musamakweze chikuku m'masitepe, ndi kabedi ka mwana. Zipinda wamba za pa Cheyenne ndi za anthu anayi kuphatikizapo kabedi ka wosakwana zaka 3, ndiye kabediko mukatchuliretu mu bukingi, musayembekezere tsiku lomwelo. Kuli kamsonkho ka mzinda komwe akuluakulu amalipira usiku uliwonse, ana salipira. Onani ngati kanalowa kale pa mtengo munalipira kuti musakadabwe.

Chomaliza, longedzani kachikwama ka kumsana padera musanachoke ku Leicester: matewera, zovala zosinthira wamng'ono, malenikoti, zipewa, mabotolo a madzi a pulasitiki poti agalasi salola, tchaja ndi power bank. Chipinda chikakhala chisanakonzeke, simudzafunika kumasula masutikesi pakati pa anthu.

NaMbewe wa ku Manchester anayankha:

A Gama ayala bwino za m'njira. Ine ndiyambire pamene mwatseka chitseko cha chipinda, tinene kuti 3:15.

Achemwali, tsiku lofika ndi lolawa mchere m'ndiwo, kudya kwenikweni ndi mawa. Dzipatseni maola anayi basi, ndipo muwauziretu ana zimenezi muli mu sitima: lero tikukaona nyumba yachifumu, tikwera zitatu, tidya, tikagona. Mwana amene wauzidwa kale savuta kumutulutsa. Amene amaganiza kuti lero akwera zonse ndi amene amadzigwetsa pansi pa geti.

Lowani paki imodzi yokha, Disneyland Park. Yachiwiri ija, yomwe ambiri amaidziwa kuti Walt Disney Studios ndipo Disney inaisankhira dzina latsopano la Disney Adventure World, isiyeni. Zokwera zake zotchuka monga Crush's Coaster ndi Ratatouille masana zimakhala ndi mizere yaitali, ndipo nyengo imene mukupitayi ndi yodzaza kawiri: ana a ku Britain ali pa holide, a ku France nawonso ali pa holide yawo ya Toussaint, kuwonjezera apo chikondwerero cha Halloween.

Popita yendani wapansi ngati sikukugwa mvula. Kuchokera pa Cheyenne pali kanjira kotsata ngalande mpaka kunyanja, n'kudutsa mu Disney Village, malo a masitolo ndi malesitilanti kunja kwa mapaki, mphindi pafupifupi 20. Ubwino wake ndi pawiri. Wamng'ono amagona m'chikuku, zomwe akuzifuna pofika nthawi imeneyo, ndipo inu mumaiphunzira njira kukuwala, yomwe mudzaifune usiku wina mabasi atadzaza. Chikuku tengani chanu. Eurostar salipiritsa, pomwe za lendi za m'paki amalipiritsa tsiku lililonse ndipo sizifika nanu ku hotela.

Mukalowa, musawathamangitse ana pa Main Street, msewu waukulu wolowera m'paki. Asiyeni aime, aone nyumba yachifumu, mujambule zithunzi. Kwa mwana wa zaka 6 mphindi imeneyi ndi yaikulu kuposa chokwera chilichonse. Mukapeza msewu watsekedwa ndi anthu odikira perete, kuseri kwa masitolo mbali zonse ziwiri kuli makonde ofolera, Liberty Arcade kumanzere ndi Discovery Arcade kumanja. Amakutulutsani kumapeto kwa msewu osakankhana ndi munthu, ndipo mvula ikayamba ndi pobisala pabwino. Nthawi ya perete imasinthasintha, choncho ioneni pa app ya Disneyland Paris tsiku lomwelo. Akakhala kuti ayamba mkati mwa maola anu anayiwo, muonereni lero, chifukwa ndi chinthu chomwe ana otopa angachite atakhala pansi.

Zokwera sankhani zimene banja lonse lilowa limodzi komanso mzere wake umayenda msanga. "it's a small world" ndi yoyamba: maboti akuluakulu, m'nyumba mofunda, palibe malire a msinkhu. Kenako Le Carrousel de Lancelot, akavalo ozungulira aja kuseri kwa nyumba yachifumu. Chachitatu Pirates of the Caribbean, chomwenso chimanyamula anthu ambiri nthawi imodzi, koma dziwani kuti muli mdima ndipo boti limatsetsereka kawiri, ndiye wamng'ono akakhala wamantha mmodzi wa inu atsale naye panja. Pansi pa nyumba yachifumu pali phanga la chinjoka chomwe chimasuntha mutu ndi kutulutsa utsi. Kulibe mzere, akuluwo adzachikonda, koma wa zaka 2 musalowe naye tsiku loyamba. Akachita mantha lero, mawa adzakana chilichonse cholowa mumdima.

Peter Pan's Flight ndi Dumbo musaziyandikire. Mizere yake masana imadya ola lathunthu pa chinthu cha mphindi ziwiri kapena zitatu. Zimenezi ndi za mawa m'mawa, chifukwa ogona m'mahotela a Disney amalowa ola limodzi anthu ena asanalowe, nthawi zambiri kuyambira 8:30 mpaka 9:30. Ola limenelo ndi lamtengo wapatali kuposa maola atatu a madzulo, ndipo ndi chifukwa chenicheni chogonera msanga tsiku lofika. Premier Access, yolipira kuti mudumphe mzere, musaigule lero. Amalipiritsa munthu aliyense pa chokwera chilichonse, ndipo mukadali ndi masiku atatu.

Ayezeni ana msinkhu kunyumba atavala nsapato zomwe adzavale. Big Thunder Mountain, Star Tours ndi Tower of Terror zimafuna masentimita 102, Crush's Coaster 107, Hyperspace Mountain ndi Avengers Assemble: Flight Force 120, Indiana Jones 140. Wa zaka 6 nthawi zambiri amakhala atapitirira 107, koma 120 ndi pokayikitsa, ndipo wa zaka 10 akhoza kuperewera pang'ono pa 140. Ogwira ntchito sanyengereka ngakhale ndi sentimita imodzi. Ndi bwino mwana alire ku Leicester kusiyana ndi kulira pakhomo pa chokwera mkulu wake akulowa.

Za chakudya, konzeranitu. Ogona m'hotela ya Disney atha kusungitsa malo m'malesitilanti mpaka miyezi 12 nthawi isanakwane, ena onse miyezi iwiri, ndiye anzanu anayamba kale. Pa tsiku lofika ine ndingasungitse Chuck Wagon Cafe, yomwe ili pa Cheyenne pomwepo, cha m'ma 7:30. Ndi yodzitengera wekha, mwana wosankha zakudya amapezapo mpunga, nkhuku kapena pasta, ndipo mukamaliza bedi lili pafupi. Mukafuna zotsikirapo mtengo, idyani m'paki cha m'ma 5:30 pa Café Hyperion kapena Pizzeria Bella Notte. Musadikire kuti njala ichite kuwawa, chifukwa malo ambiri ogulitsa zakudya zachangu amatseka paki isanatseke. Chimene simuyenera kuika pa tsiku lofika ndi chakudya chodula chija chokumana ndi mafumukazi ku Auberge de Cendrillon. Sitima ikachedwa mwataya malo, ndipo ngakhale mufike, mwana wogona patebulo sapindula kanthu.

Musanakwere chilichonse, aonetseni ana mabaji a mayina omwe ogwira ntchito amavala, muwauze kuti akasochera apite kwa munthu wotero. M'thumba la aliyense ikani kapepala ka nambala yanu ya foni yoyamba ndi +44. Kosungira ana osochera kuli pafupi ndi Plaza Gardens kumapeto kwa Main Street, ndipo pomwepo pali chipinda chosinthira makanda ndi kutenthetsera zakudya zawo komanso a chithandizo choyamba.

Jere wa ku Glasgow anayankha:

Ndikuvomereza zambiri, koma pa makombola ndiyankhuleko mbali ya bambo anzanga. Chionetsero cha usiku chimachitika nthawi yotseka paki, ndipo mphepo ikakula amatha kuchotsa makombola kapena kuchiimitsa kumene. Kumapeto kwa Okutobala nyengo ya ku Paris siyodalirika. Banja lomwe lasungira chionetsero usiku womaliza wokha likhoza kubwerera osachiona. Ndiye musalumbiriretu kuti usiku woyamba ayi. Onani zanyengo muli mu TGV. Usiku woyamba ukakhala wabata pomwe enawo akulosera mvula ndi mphepo, gawanani: mayi ndi ang'ono awiri abwerere ku hotela, bambo ndi wa zaka 10 atsale. Aliyense ali ndi MagicPass yake, chitseko sichivuta. Nyengo ikakhala yabwino masiku onse, chionetsero chiikeni usiku wachiwiri, mutagoneka ana masana ake.

Otsalawo adziwe izi. Malo abwino kutsogolo kwa nyumba yachifumu anthu amayamba kuwagwira kutatsala mphindi 45 kapena ola. Zokwera za kuseri kwa nyumbayo zimatsekedwa msanga chionetsero chisanayambe, choncho musaganize zoti mukwera komaliza ku Fantasyland. Kuima chapakati pa Main Street kumakupatsani chithunzi chonse ndipo mumatuluka msanga. Chikatha musapite kokwerera basi, khamu lonse limathamangira komweko. Yendani njira ya m'mbali mwa nyanja yomwe a NaMbewe anena.

China, chomwe chikhoza kuthetsa ulendo pa St Pancras pomwe. Simunanene kuti muli ndi mapasipoti a dziko liti. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia amafunika viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale akhale ndi chilolezo chokhazikika ku Britain, ndipo mwana aliyense amafunika yakeyake. Ya France amafunsira kudzera ku kampani ya TLScontact, ndipo amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi itatu kapena kuposerapo kuchokera tsiku lotuluka mu France. Onaninso kuti pasipoti yomwe mukuyendera ndi yomwe ili pa akaunti yanu ya eVisa, chilolezo chanu cha ku Britain cha pa intaneti, kuti pobwerera musavutike. Kuyambira Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kutenga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope kwa alendo ochokera kunja kwa EU, a mapasipoti a Britain omwe. Ana osakwana zaka 12 satengedwa zidindo za zala, koma ntchitoyi imatalikitsa mzere, ndiye ola ndi theka la a Gama musalidule.

Musaiwale adaputa. Mapulagi a mano atatu a ku Britain, omwenso timagwiritsa ntchito kumudzi, salowa m'masoketi a ku France a mabowo awiri ozungulira. Tengani awiri, ndipo funsani kampani yanu ya foni ngati imalipiritsa mukakhala ku EU. App ija ndi imene imaonetsa kutalika kwa mizere ndi nthawi ya perete, ndipo imamaliza batire msanga.

Nachisale wa ku Leicester analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwatithandiza. Za viza zili bwino, tinatenga kale. Bambo avomera zoyamba kupita ku hotela, ndipo za makombola tikaonera nyengo monga anenera a Jere. Ndafufuza Chuck Wagon Cafe, malo alipo 7:15, ndasungitsa. Funso latsala ndi ili: Eurostar ikachedwa n'kuphonya TGV ku Lille, tifike mwina 5 koloko, kapena tipeze chimvula, titani? Ana amayembekezera kusambira ku hotela. Komanso mchemwali wanga akuganiza zobwera ndi banja lake koma akagona hotela ya kunja, yosakhala ya Disney, matikiti agula padera. Iwowo agule tikiti ya tsiku lofika?

Gama wa ku Luton anayankhanso:

Mayi, yambani ndi kuwauza ana lero lomwe kuti pa Cheyenne palibe dziwe losambira. Hotela ya Santa Fe nayonso ilibe. Maiwe ali ku Newport Bay Club, Sequoia Lodge, Hotel New York, Disneyland Hotel ndi Davy Crockett Ranch. Malangizo ambiri a tsiku lofika omwe mungawerenge ndi a mapaki a Disney a ku Florida ku America, kumene kukutentha ndipo hotela iliyonse ili ndi dziwe. Ku Paris mu Okutobala zovala zosambira zisiyeni, malo akewo ikani majuzi.

Mukaphonya TGV, zimadalira mmene munagulira matikiti. Ngati Eurostar ndi TGV zili pa bukingi imodzi, pitani kwa ogwira ntchito pa Lille Europe ndi matikiti onse awiri, akupezereni malo m'sitima yotsatira. Ngati munagula padera, mukhoza kufunika kulipira tikiti ina, choncho onani lero kuti pakati pa sitima ziwirizo pali mpata wokwanira. Ndi ana atatu ndi chikuku, mphindi 20 ndi zochepa. Lembaninso papepala nthawi ya TGV ziwiri zotsatira kuti musakayambe kufufuza pa foni muli pa pulatifomu.

Lamulo losavuta ndi ili: mukatsika pa Marne-la-Vallée itadutsa 4 koloko, zokwera ziiwaleni. Pitani ku hotela, lowetsani katundu, idyani 7:15 monga mwasungitsira. Mphamvu zikatsalako pakati apo, yendani mpaka ku Disney Village. Kumeneko kulowa ndi kwaulere, amangosecha zikwama. Kuli sitolo yaikulu ya World of Disney, malesitilanti monga Annette's Diner ndi McDonald's, ndi chibaluni cha PanoraMagique chomwe chimakwera pamwamba pa nyanja chitamangidwa chingwe. Chibalunicho amalipiritsa ndipo mphepo ikakhalapo sichiuluka, ndiye musachilonjeze kwa ana. M'sitolo auzeni kuti lero ndi loona, kugula ndi tsiku lomaliza. Chidole chogula tsiku loyamba mumachinyamula masiku onse, ndipo mawa lake mwana amaona china chomwe akanachikonda kuposa. Ngati mwafika pa geti la paki ndipo mwatsala ndi theka la ola, lowani mungoona Main Street itayatsidwa magetsi n'kutuluka. Tikiti ndi yanu kale.

Mvula yokha isakuletseni. Dongosolo la a NaMbewe limagwirabe ntchito chifukwa "it's a small world" ndi Pirates zili m'nyumba, makonde aja ndi ofolera, ndipo mizere imafupika anthu akathawa. Chofunika ndi chophimba chikuku cha pulasitiki ndi masokosi osinthira. Malenikoti gulani ku Leicester, a m'paki ndi odula.

Kwa achemwali anu nkhani ndi yosiyana kotheratu. Iwo tsiku lililonse la m'paki akulilipira palokha, ndipo tikiti ya tsiku limodzi mtengo wake ndi womwewo kaya mwalowa 9:30 m'mawa kaya 4 koloko madzulo. Akakhala kuti afika masana, asagule. Tsikulo aligwiritse ntchito pogula zofunika. Val d'Europe ili siteshoni imodzi yokha kuchokera pa Marne-la-Vallée pa sitima ya RER A, ndipo m'menemo muli Auchan, sitolo yaikulu kumene madzi, zipatso, buledi, mkaka ndi matewera zili pa mtengo wa anthu wamba. Muli Sea Life, malo oonerako nsomba ndi zamoyo za m'nyanja, momwemo ngati ana akufuna choona. Akatero madzulo adzakumane nanu ku Disney Village, poti sikufuna tikiti. Akumbukirenso kuti ogona kunja alibe ola la m'mawa lija, ndiye mawa lake inu mudzalowa 8:30, iwo 9:30. Panganani pokumana, mwachitsanzo pakhomo la Casey's Corner kumapeto kwa Main Street nthawi ya 9:45, m'malo moti inu mutaye olalo mukuwadikira pa geti.

Ngati achemwali anuwo adzabwere pa Eurostar ya ku Paris m'malo modzera ku Lille, pa Gare du Nord akwere RER B mpaka Châtelet-Les Halles, asinthe kukwera RER A. Njanjiyo imagawikana kutsogolo, ndiye aonetsetse kuti pa bolodi palembedwa Marne-la-Vallée Chessy, osati Boissy-Saint-Léger, ndipo sitima zina zimathera pa Torcy. Kuchokera pa Châtelet ndi mphindi pafupifupi 40.

NaMbewe wa ku Manchester anawonjezera:

Kamodzi kokha ka usiku umenewo, achemwali. Mukabwera kodya, ana asanagone, yalani zovala za mawa za aliyense, dzazani mabotolo a madzi, ikani mafoni pa moto, ndipo makhadi onse a MagicPass muwaike m'thumba limodzi la kachikwama ka kumsana. Funsani pa kauntala nthawi imene kadzutsa amayamba, mupite koyambirira. Kuti mukhale pa geti 8:15 muyenera kutuluka m'chipinda 7:45 mutadya kale, ndipo ku thupi la ana imeneyo ndi 6:45 ya ku Leicester. Mukalowa lunjikani ku Peter Pan's Flight, kenako Dumbo, ndipo bambo ndi akuluwo adzapite ku Big Thunder Mountain ikangotsegulidwa. Pakhomo pake funsani za Rider Switch, kuti iwo akatsika inu mukwere osaimanso pamzere, bambo atatenga wamng'ono.